Nyimbo zamdima za pa kiyibodi zochokera mu nthano za ku Netherlands, ndi chani kwenikweni?

Amene mumakonda kusaka nyimbo zopanda mawu pa YouTube, zija zoti ziziyimba chapansipansi mukamawerenga kapena mukafuna kugona, mwina munagwerapo pa vidiyo ya ola lathunthu yomwe chithunzi chake sichisuntha, pena ndi nsanja yakale ili mu nkhungu, pena miyala ikuluikulu yosanjikizana pathengo, dzina lolembedwa ndi zilembo zopotanapotana ndipo mitu ya nyimbo ili mu Chidatchi. Mukadina mumangomva kiyibodi ikulira pang'onopang'ono, palibe woyimba, palibe biti yovinira, mwina belu chapatali ndi mphepo basi. Ambiri amafulumira kunena kuti ndi za satanic, ena amati ndi nyimbo za mu gemu kapena mu filimu yoopsa. Ndiye tiyeni tizimasule bwinobwino, chifukwa kuseri kwa kaphokoso kameneka kuli luso, kuli mbiri ina yowawa, komanso kuli dziko lenileni, lathyathyathya ndi lonyowa, lomwe oyimbawa akufuna kuti munthu alimve ndi makutu.

Dzina lake ndi komwe zinayambira

Mtundu wa nyimbozi umatchedwa dungeon synth. Dungeon ndi ndende ya pansi pa nthaka m'nyumba zamalinga za mafumu akale a ku Ulaya, synth ndi chidule cha synthesizer, chipangizo chopanga maliwu ndi magetsi chomwe ambirife timangoti kiyibodi. Ili ndi m'bale wake wotchedwa dark ambient, kusiyana kwake ndikwakuti dark ambient kawirikawiri ilibe kanyimbo koti mungakayimbe ndi mluzu, ndi phokoso longoyandama, pomwe dungeon synth imakhala ndi kanyimbo kachidule kobwerezabwereza. Oyimba ambiri amasakaniza ziwirizi osadandaula za dzina.

Sizinayambire ku Netherlands ayi. Zinabadwira ku Norway kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mkati mwa gulu la anyamata oyimba black metal, rock yolusa kwambiri ya magitala okukuta ndi mawu okuwa. Mabandi amenewa ankakonda kutsegula chimbale ndi ka intro ka kiyibodi ka mphindi imodzi kapena ziwiri, magitala asanalowe. Håvard Ellefsen, yemwe amadziwika kuti Mortiis, ankayimba besi mu bandi ya Emperor, ndipo atachokamo mu 1992 anatenga ka intro kaja nkukatalikitsa mpaka kukhala chimbale chonse, kaseti yake yoyamba inatuluka mu 1993. Iyeyo ankazitchula kuti dark dungeon music. Dzina loti dungeon synth linafala mochedwa, cha mu 2011, pamene okonda nyimbozi anayamba kufukula makaseti akale nkumawayika pa intaneti, ndipo kuchokera pamenepo achinyamata a m'maiko osiyanasiyana anayamba kupanga zawo ali kuchipinda kwawo.

Nde apa ndi pomwe nkhani ikukomera. A ku Norway ankayimba za mapiri awo, nkhalango za chisanu ndi milungu yawo yakale. Munthu wa ku Netherlands akangokopera zimenezo akhala akunama, chifukwa kwawo kulibe phiri, malo okwera kwambiri m'chigawo chawo cha ku Ulaya ndi Vaalserberg, mamita 322 okha. Ena amangopanga dziko lawo la m'maganizo, ngati Old Tower, dzina la ku Netherlands lomwe linamveka kwambiri pa nyimbozi kuyambira pakati pa zaka za m'ma 2010. Koma ena amatembenukira ku nthano za m'midzi ya kwawo, ndipo amenewa ndi omwe tikuwakamba.

Mdimawo amaupanga bwanji

Ganizirani kiyibodi ya ku tchalitchi kwanu, ya Yamaha kapena Casio, ija ili ndi batani la Voice lomwe mukadina mumapeza strings, choir, organ, flute, horn ndi mabelu. Oyambitsa dungeon synth ankagwiritsa ntchito makiyibodi a mtundu womwewo, otchipa, osati za mu situdiyo yodula. Kusiyana kwake ndikwakuti woyimba wa ku tchalitchi amayatsa Style kuti ng'oma ndi besi ziziyenda zokha anthu azivina, pomwe uyu amazimitsa zonsezo, amasiya strings ndi choir zokha, amatsitsa liwiro, nkumagwira manoti nthawi yaitali osachotsa chala. Chipangizo ndi chomwecho, chasintha ndi kagwiridwe.

Choyamba chomwe chimadetsa nyimbo ndi kiyi. Amene mumagwirako kiyibodi mukudziwa kuti C, E ndi G pamodzi zimamveka zowala, imeneyo ndi major. Mukatsitsa noti yapakatiyo pang'ono chabe, kuchoka pa E kupita pa kiyi yakuda ya kumanzere kwake, mwalowa mu minor ndipo nthawi yomweyo zimamveka zachisoni. Oyimbawa amakhalitsa mu minor. Nthawi zina noti yapakatiyo amayichotseratu nkusiya C ndi G zokha, ndiye khutu silidziwa ngati lisangalale kapena lilire, limangomva mpata waukulu wopanda kanthu, ndipo kayimbidwe kameneka kamakumbutsa nyimbo za amonke a ku Ulaya za zaka mazana ambiri zapitazo. Palinso sikelo ina yakale yotchedwa Dorian, mukayimba makiyi oyera okhaokha kuyambira pa D mpaka pa D wina ndi imeneyo, imamveka yachikale koma osati yolira kwambiri, amayikonda zedi.

Chachiwiri ndi drone, noti imodzi yapansi yomwe imangolira osasintha kuyambira poyamba mpaka pothera. Liwu lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya, noti ya A yomwe amachunira zida imanjenjemera ka 440 pa sekondi, pomwe drone imatha kukhala pa 50 kapena 60 pa sekondi, pansi kwambiri moti sipika ya foni siyitha kuyitulutsa nkomwe. Nchifukwa chake munthu womvera pa foni popanda mahedifoni amati nyimbozi ndi zopanda pake, theka lake silinamufike.

Chachitatu ndi momwe liwu limayambira ndi kuthera. Piyano mukayigunda liwu limatuluka pompo. Pa synthesizer mutha kuliwuza kuti lizibwera pang'onopang'ono, masekondi awiri kapena atatu lisanafike pa mphamvu yake, ndipo mukachotsa chala lizizilala pang'onopang'ononso, ndiye manoti amalowana, simudziwa pomwe ina yathera ndi pomwe ina yayambira. Kenako pali filter, sefa ya maliwu, yomwe imachotsa maliwu akuthwa a pamwamba nkusiya obuma okha, zimamveka ngati chinthu chili patali kapena kuseri kwa khoma. Pomaliza amathira reverb, uku ndi kubwerera kwa mawu komwe mumamva mu nyumba yayikulu yopanda katundu, ndipo pa kompyuta mutha kukutalikitsa mpaka masekondi khumi kapena kuposa. Zinthu zitatuzi zikakumana, kuyamba mochedwa, kubuma ndi kubwerera, ndi zomwe zimapanga nkhungu ya m'makutu ija. Palibe matsenga apa, ndi mabatani, ndipo aliyense amene ali ndi FL Studio pa laputopu ali nazo zonsezi kale, pulogalamu imeneyinso inachokera ku Belgium, dziko loyandikana ndi Netherlands.

Ena amawonjezera maliwu ojambula panja, mphepo mu bango, khwangwala, madzi akugunda bwato, mapazi mu matope. Ndipo ambiri amajambula dala pa kaseti kuti pakhale kamkokomo ka tepi ndi kugwedera pang'ono kwa manoti, chifukwa nyimbo yoyera mbee ya digito siyimveka yakale.

Dziko la madzi, madambo ndi nkhungu

Kuti mumvetse nthano za ku Netherlands muyambe mwamvetsa nthaka yake. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzikoli lili pansi kuposa nyanja, amatchinga madzi ndi mipanda yadothi ndi mapampu, ndipo mipanda ikagumuka midzi imamira. Mu 1421 chigumula cha St Elizabeth chinameza midzi kufupi ndi Dordrecht nkusiya dambo lalikulu lomwe lero limatchedwa Biesbosch. Usiku wa pa 31 January kuchera pa 1 February 1953 madzi anapha anthu 1,836. Kummawa ndi kumpoto kwa dzikoli, ku Drenthe, Overijssel ndi Gelderland, vuto silinali nyanja koma madambo a dothi lakuda lofewa lomwe munthu akapondapo molakwika amatitimira, ndi zipululu za tchire lalifupi zomwe madzulo zimakutidwa ndi nkhungu. Nthano zawo zambiri si za mafumu ndi ngwazi, ndi za munthu wamba amene akuyenda usiku kuchoka kumudzi wina kupita kwawo nkukumana ndi chinthu.

Otchuka kwambiri ndi witte wieven, azimayi oyera omwe amati amakhala m'mitumbira yakale ndi m'maenje a m'nkhalango, amatuluka madzulo nkumavina pamwamba pa tchire. Amene anaonapo nkhungu yopyapyala ikudzuka pa dambo mizeremizere, ikuyenda ngati anthu ovala zoyera, amvetsa komwe zinachokera. Chomwe chimandisangalatsa ndichakuti azimayiwa si oyipa okhaokha, mu nthano zina amathandiza mayi pobereka kapena kuwuza munthu komwe chinthu chake chinatayika, mu zina amaba ana, amasocheretsa apaulendo ndi kuthamangitsa amene wawanyoza. Kufupi ndi Lochem, pa mudzi wa Zwiep, pali dzenje lomwe mpaka lero limatchedwa ndi dzina lawo, ndipo nthano yake imati bambo wina anayesa anyamata awiri ofunsira mwana wake powatuma kukaponya chitsulo chosongoka m'dzenjemo pakati pa usiku, wolemera anachita mantha nkubwerera panjira, wosauka anakafika nkuponya, mzimayi woyera anamuthamangitsa ali pa hatchi mpaka pakhomo, ndipo wosaukayo ndi amene anakwatira mtsikanayo. Woyimba akafuna kujambula witte wieven satenga liwu laukali, amatenga choir yopyapyala ya mawu achikazi, amayisefa, amayithira reverb yaitali kuti izibwera ndi kuchoka, yokoma komanso yokayikitsa nthawi imodzi, ndendende mmene nthanozo zilili.

Miyala yosanjikizana ija mumayiwona pa zikuto za zimbale imatchedwa hunebedden. Ndi manda a anthu omwe anakhalako zaka zoposa 5,000 zapitazo, alipo 52 ku Drenthe ndi awiri ku Groningen, aakulu kwambiri ali ku Borger, kutalika kwake mamita oposa 22. Dziko lopanda mapiri miyala yotere inachokera kuti? Inakokedwa ndi madzi oundana kuchokera ku Scandinavia kalekale pamene kumpoto kwa Ulaya kunali kokutidwa ndi ayezi. Koma anthu akale sankadziwa zimenezo, ndiye m'busa wina wa ku Coevorden, Johan Picardt, analemba mu 1660 kuti anamanga ndi zimphona, ndipo zithunzi za m'buku lake, za zimphona zikunyamula miyala ndi za witte wieven ali m'mitumbira, ndi zomwe zinakhazikika m'maganizo a anthu. Pa nyimbo, miyalayi ndi drone ija ndi ng'oma yayikulu ya timpani yogunda patalipatali.

Ndiye pali madambo. Anthu ankati usiku mumaoneka timoto toyendayenda, dwaallichtjes, ndipo m'madera ambiri ankakhulupirira kuti ndi mizimu ya ana omwe anamwalira asanabatizidwe, ukatitsatira timakulowetsa m'thope. Nthano imeneyi inali chenjezo lenileni kwa ana ndi oledzera kuti usiku usasiye njira. Ndipo madambowo analidi ndi anthu akufa mkati. Mu 1897 okumba dothi lakuda lija, lomwe ankaliumitsa nkumasonkhera moto, anafukula mtembo wa mtsikana wa zaka pafupifupi 16 kufupi ndi mudzi wa Yde, ali ndi lamba waubweya m'khosi, anaphedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo koma dambo linasunga khungu ndi tsitsi lake. Mtembowo uli ku Drents Museum mu mzinda wa Assen. Nyimbo ikamakamba za dambo la ku Drenthe sikuti ikungopeka zoopsa, pansipo panalidi anthu.

Mabelu omira ndi lipenga la pa chitsime

Gawo ili ndi lomwe ine ndimaliwona ngati mtima wa nkhani yonse, chifukwa apa nthano yokha ndi liwu kale, woyimba sakuchita kumasulira chithunzi.

Ku Zeeland kuli malo otchedwa dziko lomira la Saeftinghe, matope ndi mitsinje ya madzi amchere pomwe kale panali midzi, inamira ndi zigumula za m'ma 1500 komanso mu 1584 pamene mipanda inabooledwa dala pa nthawi ya nkhondo ndi Spain. Nthano imati anthu ake anali olemera ndi onyada, msodzi wina anakola mkazi wa m'nyanja, theka munthu theka nsomba, nkukana kumubweza, mwamuna wake anatemberera mzindawo, ndipo akuti kukachita nkhungu mumamva belu la tchalitchi likulira pansi pa madzi. Ku Veluwe, pakati pa Putten ndi Garderen, kuli dzenje lalikulu m'nkhalango lotchedwa Solse Gat, akuti panali nyumba ya amonke omwe anasiya kupemphera nkuyamba maphwando, usiku wina wa Khrisimasi nthaka inayimeza, ndipo pakati pa usiku mabelu ake amamvekabe. Akatswiri a nthaka amati dzenjelo linayamba nthawi ya ayezi ija ndipo anthu okumba dongo analikulitsa, koma nthanoyo ikadalipo. Nkhani zotere za mabelu omira zilipo zambiri m'dzikoli.

Tsono belu la ku Ulaya lili ndi chinsinsi chake. Mukaligunda silitulutsa noti imodzi, limatulutsa zingapo nthawi imodzi, ndipo imodzi mwa zomveka kwambiri ndi ija yapakati yotsitsidwa, ya minor. Ndiye belu limamveka lachisoni mwachibadwa ngakhale likulira pa ukwati. A ku Netherlands ndi akatswiri a mabelu, abale awiri François ndi Pieter Hemony ndi omwe anadziwa kuchuna mabelu molondola m'zaka za m'ma 1640 ku Zutphen, ndipo mpaka lero nsanja za m'mizinda yawo zili ndi mabelu ambirimbiri oyimbidwa ngati kiyibodi. Zinatengera makompyuta ndi akatswiri a ku Eindhoven pamodzi ndi osula mabelu a Eijsbouts ku Asten, m'zaka za m'ma 1980, kuti apange belu lomveka major. Munthu wokulira kumeneko liwu lachisoni la belu lija lili m'mutu mwake kuyambira ali mwana, ndiye akatenga belu pa kiyibodi, nkulisefa mpaka kubuma, nkulikankhira kutali ndi reverb, wapanga belu la Saeftinghe ndipo womvera wa kwawo amalizindikira popanda kumuwuza.

Chida china ndi midwinterhoorn, lipenga lamtengo lopindika pang'ono, lotalika mita imodzi kapena kuposerapo, lomwe amaliwomba ku Twente ndi ku Achterhoek kuyambira Lamulungu loyamba la Adventi mpaka pa 6 January, madzulo kukamada. Lilibe mabowo, limangotulutsa manoti ochepa, ndipo alimi ankaliwombera pamwamba pa chitsime kuti madzi abweze liwu lifike kutali, wina wa pa famu ina nkuyankha. Reverb ya chitsime imeneyo, anthu asanadziwe magetsi. Ambiri amati linali lothamangitsira mizimu yoyipa chikhristu chisanafike, ena amati ndi lolengeza kubadwa kwa Yesu, chodziwika ndichakuti mwambowu unatsala pang'ono kutha ndipo anawutsitsimutsa m'zaka za m'ma 1900. Liwu la horn lomwe mumalimva likuyitana patali mu nyimbo zambiri zotere, kumeneko lili ndi kwawo.

Okwera atonde

Kummwera, ku Limburg, nthano yake ndi yamagazi ndipo inachitikadi. Bokkenrijders, okwera atonde, anali magulu a akuba a m'zaka za m'ma 1700 omwe ankathyola matchalitchi ndi mafamu. Anthu ankati analumbira kwa Satana ndipo amawuluka usiku pa atonde, ndi chifukwa chake amaba kuno lero mawa ali kutali. Kuyambira 1743 makhoti anayamba kugwira anthu, ankawazunza mpaka avomere ndi kutchula anzawo, otchulidwawo nkuzunzidwanso nkutchula ena, ndipo anthu mazana ananyongedwa. Olemba mbiri ambiri lero amati umbava unalipodi koma gulu lalikulu lolumbira kwa Satana linabadwira m'chipinda chozunziramo, ndipo ambiri mwa ophedwawo anali amphawi chabe. Nkhaniyi ndi yodziwika moti paki ya zisangalalo ya Efteling ili ndi nyumba yonse, Villa Volta, yotsegulidwa mu 1996, yokamba za iwo, makolo amapitako ndi ana. Nyimbo za mutu umenewu zimakhala ndi ng'oma zoguba ndi organ, zimayenda msangako kusiyana ndi za nkhungu zija.



Kaseti, ndi chifukwa chake ikadalipo

Mudzadabwa kuwona kuti zimbale zambiri zotere zimatuluka pa kaseti, makope ochepa, mwina 50 kapena 100, nthawi yomweyo zili pa Bandcamp, tsamba lomwe woyimba amagulitsa yekha nyimbo zake popanda kampani yayikulu. Kaseti ndi yotchipa kupanga ochepa, ndipo kamkokomo kake ndi mbali ya nyimboyo. Chosangalatsa ndichakuti kaseti yomweyo ndi ya kwawo, inatulutsidwa ndi kampani ya Philips ya ku Eindhoven mu 1963, ndipo gulu lomwe linayipanga linkatsogozedwa ndi injiniya Lou Ottens amene anamwalira mu 2021. Ku Philips komweko, mu labu yawo, Dick Raaijmakers ndi Tom Dissevelt anali akupanga kale nyimbo za magetsi okhaokha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, synthesizer ya Moog isanabwere mu 1964. Ndiye mnyamata wa ku Drenthe akamajambula nkhungu ya kwawo pa kaseti sakubwereka zonse kunja.

Ndalama mulibe zambiri umu, ambiri ndi munthu mmodzi wobisa dzina, wogwira ntchito ina masana. Malo omwe nyimbo zoterezi zimamvekako pa siteji ndi ngati chikondwerero cha Roadburn ku Tilburg, chomwe chimachitika mu April. Ndipo musasokoneze ndi mabandi ngati Heidevolk a ku Arnhem, omwe anayamba mu 2002, iwowa amayimba za mbiri ndi nthano za ku Gelderland mu Chidatchi koma ndi magitala ndi mawu, ndi msuweni chabe.

Funso la usatana, ndi lina lomwe anthu salifunsa

Mantha a anthu ali ndi pochokera. Gulu la black metal la ku Norway lomwe linabala nyimbozi linali ndi anthu odana ndi chikhristu poyera, matchalitchi anatenthedwa kuyambira 1992, ndipo Varg Vikernes, woyimba pa dzina la Burzum, anagamulidwa mu 1994 kukhala m'ndende zaka 21 chifukwa chopha mnzake woyimba ndi kutentha matchalitchi. Ali m'ndendemo analibe gitala, anapanga zimbale ziwiri za kiyibodi yokha, mu 1997 ndi 1999, zomwe zimawerengedwa m'mbiri ya dungeon synth. Zimenezi sizibisika. Koma mbali ina, nyimbo zambiri za lero zilibe mawu nkomwe, opanga ake ena ndi osapembedza, ena amatsata zipembedzo zakale za ku Ulaya, ena ndi akhristu, ena ndi ongokonda magemu ndi mabuku a nthano. Ndipo mukayang'ana nthano za ku Netherlands zomwezo, zambiri ndi zachikhristu mkati mwake, amonke ochimwa akumezedwa ndi nthaka, mzinda wonyada ukumira, ana osabatizidwa akusowa mpumulo. Pali akhristu omwe amati chilichonse cha mizukwa sayandikira, pali ena omwe amati ndi nthano basi ngati zina zonse, aliyense ali ndi chikumbumtima chake.

Funso lachiwiri ndi la tsankho, ndipo kwa ife anthu akuda ndi lofunika kulidziwa. Vikernes ndi watsankho wodziwika, khoti la ku France linamupeza wolakwa mu 2014 pa mlandu wolimbikitsa chidani cha mitundu. Ndipo nthano za makolo a ku Ulaya zinagwiritsidwapo kale ntchito moyipa, Herman Wirth, wobadwira ku Utrecht mu 1885, anali mmodzi mwa oyambitsa Ahnenerbe mu 1935, bungwe la chipani cha Nazi lofufuza za makolo pofuna kuwonetsa kuti mtundu wawo ndi wapamwamba, ndipo anafalitsa mu Chijeremani buku la Oera Linda, mbiri yabodza ya anthu a ku Friesland yomwe inatulukira m'zaka za m'ma 1800. Chifukwa cha mbiri imeneyi okonda dungeon synth amakangana kwambiri, ena amati tizimvera nyimbo osayang'ana munthu, ena amati sangapereke ndalama zawo kwa watsankho, ndipo oyimba angapo amalemba poyera pa masamba awo kuti sagwirizana ndi tsankho. Poti mulibe mawu, zomwe zimawulula ndi zizindikiro za pa chikuto, mitu ya nyimbo ndi kampani yomwe yatulutsa chimbalecho. Kukonda nthano za kwanu si tsankho, koma pa mtundu uwu wa nyimbo ndi bwino kuyang'ana musanagule.

Nanga nthanozo amazipeza kuti

Si kwa agogo nthawi zonse, chifukwa madambo ambiri anawumitsidwa, otsala ngati Bargerveen ndi Fochteloërveen ndi malo otetezedwa, ndipo magetsi a mumsewu anathetsa mdima womwe unkabala nkhanizi. Ambiri amazipeza m'mabuku ndi ku Meertens Instituut ku Amsterdam, bungwe lomwe m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 linatuma anthu m'midzi kukalemba zomwe okalamba ankakumbukira, ndipo lero nthano masauzande ambiri zili pa intaneti mu nkhokwe yawo ya Nederlandse Volksverhalenbank, mutha kulemba dzina la mudzi nkuwona zomwe zinkakambidwa kumeneko. Mukazitsegula mupeza kuti zambiri ndi zazifupi kwambiri, mizere iwiri kapena itatu, yakuti wakuti anawona kuwala pa mlatho wakuti, kapena pa malo akuti hatchi inkakana kudutsa usiku, basi yathera pomwepo, palibe chiyambi palibe mathero. Woyimba amatenga mizere itatu imeneyo nkuyisandutsa mphindi 20, ndiye zomwe mukumva zochepa ndi za okalamba aja, zochuluka ndi zake, mutu wa nyimbo wokha ndi womwe umakuwuzani mudzi ndi nthano yomwe wayambirapo.